Nthenda yosaoneka m'magazi

Ambiri odwala nthenda imene achipatala amati depression safika kwa dokotala n'kunena kuti akhumudwa. Amadandaula mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kuthamanga, kusowa tulo. Amawabaya chala, malungo osapezeka, n'kubwerera kwawo ndi panado. Mwezi wamawa afikanso. Ukawakhazika pansi n'kuwafunsa mofatsa ndi pamene amaulula kuti, "Ndikuganiza kwambiri."

Mawu amenewa sayenera kungotidutsa m'khutu. Ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ntchito ya Friendship Bench, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amamvetsera anthu otere atakhala nawo pa benchi. Kwathu kuno tikangomva "matenda a maganizo" timathamangira kunena za misala ndi chipatala cha ku Zomba. N'chifukwa chake wodwala amabisa, pomwe iye sanavule, sakutola zinyalala, nzeru zake zili bwinobwino.

Komanso nthendayi si chisoni wamba. Namfedwa amalira, koma mdzukulu akamuseketsa amasekako. Wodwala depression chisonicho chimamukanirira pafupifupi tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa milungu iwiri kapena kuposa. Madokotala amayang'ana zizindikiro zosachepera 5 mwa 9, ndipo chimodzi chiyenera kukhala kukhumudwako kapena kutha kwa chidwi. Chachiwirichi ndi chimene achibale amachitcha ulesi. Mayi amene ankatsogolera kwaya wasiya kupita, munda wamera tchire, nsima akungoitsina. Zina ndi kusokonekera kwa tulo, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu, kuchita zinthu mwapang'onopang'ono kapena kusakhazikika, ndi kudziona wachabechabe.

Choyambitsa sichikhala chimodzi. Ena chili kumtundu. Ena anazunzidwa ali ana. Ena ngongole, nkhanza za m'banja, mowa kapena matenda a mgonagona monga HIV ndi shuga. Amayi ena imawagwira atangobereka, apongozi n'kumati mwana sakumufuna.

Palibe kuyeza magazi kumene kumaionetsa. Magazi amayezedwa pofuna kutsimikiza kuti si kuchepa kwa magazi kapena chithokomiro, zimene zimafooketsa munthu mofananamo. Chipangizo chenicheni ndi mafunso. Fomu yotchedwa PHQ-9 ili ndi mafunso 9, lililonse malikisi 0 mpaka 3. Malikisi onse pamodzi akafika 10 kupita m'mwamba, munthuyo afunika kumuunika mozama. Palinso SRQ-20 ya bungwe la WHO, imene inayesedwa kale m'Chichewa. Dokotala amafunsanso ngati wodwala anakhalapo ndi nyengo yosangalala mopitirira muyeso, osagona koma osatopa, chifukwa imeneyo ndi nthenda ina, bipolar, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Funso lomaliza la PHQ-9 ndi limene ambiri timaliopa: kodi mumaganiza kuti bola kufa, kapena zodzipweteka? Kufunsa sikumupatsa munthu maganizo odzipha. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu achotsedwe m'nyumba, ndipo aonane ndi achipatala tsiku lomwelo.