Malire a Finland ndi Russia: Nkhondo Zimene Zinawasuntha

Mu 1703 mfumu Peter ya ku Russia inayamba kumanga mzinda wa St Petersburg pamatsiriro a mtsinje wa Neva, pamalo amene inalanda kwa a Sweden. Kuyambira pamenepo olamulira Russia sankagona tulo, poona kuti dziko la eni lili pakhomo penipeni pa mzinda wawowo. Dzikolo linali Finland, limene kwa zaka zoposa 600 linali m'manja mwa Sweden. Nkhondo ya 1808 mpaka 1809 inalipereka kwa mfumu Alexander I, yomwe inalola anthu a dzikolo kusunga malamulo ndi chipembedzo chawo. Anakhala chomwecho zaka zoposa 100, ndipo ufumu wa Russia utagwa analengeza ufulu wawo pa 6 Disembala 1917. Chaka chotsatira anaphana okhaokha pankhondo yapachiweniweni imene inatenga miyoyo yoposa 35,000.

Pangano la ku Tartu la 1920 linasiya malire pamtunda wa makilomita 32 okha kuchokera mumzinda uja, umene posakhalitsa unatchedwa Leningrad. Mu Ogasiti 1939 Stalin ndi Hitler anagawana mwachinsinsi mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, Finland nkugwera mbali ya Soviet Union. Stalin anafuna kuti malire asunthidwe ndiponso kuti apatsidwe malo oika asilikali ku Hanko, n'kulonjeza nkhalango za ku Karelia m'malo mwake. Boma la ku Helsinki linakana. Pa 30 Novembala 1939 asilikali a Soviet anawoloka malire popanda kulengeza nkhondo, ndege zawo zikuponya mabomba pa Helsinki.

Ambiri ankati zitha m'masabata awiri, koma Nkhondo ya M'chisanu inatenga masiku 105. Asilikali a Finland, motsogozedwa ndi Mannerheim, analibe akasinja ndi ndege zokwanira, koma ankaidziwa nkhalango yawo. Kuzizira kunkafika madigiri 40 pansi pa ziro. Adani awo ankayenda mumdipiti wautali pamisewu yopapatiza, akasinja ndi magalimoto zitandandalikana, osatha kupatuka chifukwa cha chipale chofewa. A Finland, atavala zoyera, ankatulukira m'mitengo pa timatabwa totsetserekera, n'kuudula mdipitiwo monga mmene munthu amadulira nzimbe, mfundo ndi mfundo. Ankayamba ndi kuphwanya makhitchini a msasa, kenako njala ndi chisanu zinkamaliza ntchito. Ku Suomussalmi ndi pamsewu wa Raate, magulu akuluakulu awiri a Soviet anathera momwemo. Pa akasinja ankaponyapo mabotolo a mafuta oyaka.

Kulimba mtima kuli ndi polekezera. Mu Febuluwale 1940 mkulu wankhondo watsopano wa Soviet, Timoshenko, anaunjika mizinga n'kuboola mpanda wa chitetezo ku Summa. Nkhondo inatha pa 13 Malichi. Finland inataya asilikali pafupifupi 26,000, Soviet Union oposa 120,000, koma wolanda malo anali Stalin: gawo limodzi mwa magawo 10 a dzikolo, pamodzi ndi mzinda wa Viipuri. Anthu oposa 400,000 a ku Karelia ananyamula zimene akanatha n'kusiya minda ndi manda a makolo awo. Pafupifupi onse anasankha kusamuka kusiyana n'kukhala pansi pa Moscow.

Chotsatira ndicho chimandiwawa, ndipo sindigwirizana ndi amene amachilumpha posimba mbiriyi. Mu Juni 1941 Finland inalowanso nkhondo, ulendo uno kumbali ya Germany ya Hitler. Kufuna kubweza malo olandidwa kunali komveka. Koma asilikali ake sanaime pamalire akale: analowa kum'mawa kwa Karelia, kumene sikunakhalepo kwawo, analanda Petrozavodsk, n'kutsekera anthu wamba a Chirasha m'misasa momwe masauzande anafa ndi njala ndi matenda. Mannerheim anakana kuukira Leningrad, zoona, komabe asilikali ake ndiwo anatseka njira yakumpoto pamene anthu amumzindamo ankafa ndi njala. Wolakwiridwa wa 1939 anasanduka wolakwira ena.

Mu Juni 1944 asilikali a Soviet anabwerera mwamphamvu ndipo Viipuri inagwa pa 20 Juni. Ku Tali-Ihantala a Finland, mothandizidwa ndi zida ndi ndege za Germany, anawaimitsa, ndipo ndi zimenezi zinapulumutsa dzikolo kuti lisalandidwe lonse. Pangano la pa 19 Seputembala 1944 linali lowawa: anataya Petsamo, khomo lawo lokhalo la kunyanja yakumpoto, anabwereketsa Porkkala pafupi ndi Helsinki, analamulidwa kulipira katundu wa madola 300 miliyoni, ndiponso kuthamangitsa anzawo adzulo. Pochoka, asilikali a Germany anatentha Rovaniemi ndi midzi yambiri ya ku Lapland.

Ngongoleyo anamaliza kulipira mu 1952, ndi zombo ndi makina, ndipo Porkkala inabwezedwa mu 1956. Atsogoleri Paasikivi ndi Kekkonen anasankha kukhala mwamtendere ndi Moscow kudzera m'pangano la ubwenzi la 1948. Ena kumadzulo ankawanyoza kuti akugwada, koma Finland inasunga zisankho zake ndi nyumba yake ya malamulo pamene Estonia, kutsidya kwa nyanja, inamezedwa. Kusalowerera mbali kwa Finland kunatha Russia italowa ku Ukraine mu 2022. Pa 4 Epulo 2023 Finland inalowa m'bungwe la NATO ndi malire ake ndi Russia a makilomita 1,340, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho inatseka zipata zonse zapamsewu zolowera ku Russia.