Galu wamkota ndi ana a mnzake

Abale anga a kumudzi, ndi inu a ku Lilongwe, Mzuzu ndi Johannesburg amene mumawerenga izi pafoni, lero za mitengo ya ku Chinkhoma tiyambe tazisiya, mitima ipumeko. Tikambe za agalu. Miyezi yozizira ino agalu ambiri amaswera m'zigafa, ndipo chaka chilichonse timamva nkhani yomweyomweyo: make wafa, tiana tisanu kapena tisanu ndi tiwiri tatsala tikulira, maso tisanatsegule n'komwe. Wina wagundidwa ndi lole ya mabelo pa M1, wina wadya nyama ya tameki yoponyedwa ndi akuba, wina watengedwa ndi fisi. Eni ake amangoti basi, natonso tapita. Chonsecho njira yotipulumutsira ilipo, ndi yakale kuposa fodya wathuyu, ndipo siifuna ndalama. Timaperekedwa kwa galu wina amene akuyamwitsa.

Galu wakumudziyu timamupeputsa, koma ndi mzika yakale. Galu ndiye chiweto choyamba cha munthu, ng'ombe ndi mbuzi zinabwera pambuyo. Ku Germany anafukula manda a zaka zoposa 14,000 momwe anthu anaikidwa pamodzi ndi galu wawo. Mu Africa agalu analowera cha ku Egypt, n'kumatsika pang'onopang'ono ndi anthu olima, oweta ndi osula zitsulo, luso lomwe ng'anjo zake zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Pofika cha m'ma 570 anali atafika kudera la mtsinje wa Limpopo, mafupa awo anapezeka kumeneko. Ku South Africa galu ameneyu anamupatsa dzina loti Africanis, mpaka mu 1998 anakhazikitsa bungwe lomuteteza. Ife kuno timangoti "kagalu kachabechabe". Kaya.

Kale ntchito yake inali uzimba. Dera lomwe lero ndi paki munali midzi, mpaka mu 1922 pamene boma la atsamunda linasamutsa anthu chifukwa cha matenda a kaodzera n'kulisandutsa nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 linakhala malo osungira nyama, mu 1970 Kasungu National Park. Izi zisanachitike, galu wodziwa kutsata gwape kapena kuimitsa nguluwe anali chuma cha mudzi wonse, chifukwa ndiwo zimachokera m'mphuno mwake. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe. Ndiye akuluakulu amasimba kuti galu wotere akafa atangoswa, panalibe zoti ana ake atayidwe. Munthu ankawanyamula m'dengu, kuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa kwa yemwe galu wake waswa kumene. Mwini mkota uja ankasankhapo kamwana kamodzi, mlandu n'kutha.

Nzeruyi si yachilendo kwa ife. Ndani sanaikepo mazira a nkhanga kapena a bakha pansi pa nkhuku? Nkhuku imaswa ake pa masiku 21, koma a nkhanga imafungatira mpaka 28, a bakha mpaka 35, n'kulera ana osafanana nayo mpang'ono pomwe. Abusa a nkhosa ku Britain nawo ali ndi yawo: mwana wankhosa akafa, amamusenda chikopa n'kuveka wamasiye, make n'kununkhiza n'kuti ndi wanga. Chinsinsi chonse chili pa fungo. Chiweto sichiwerenga ana ndi zala ngati ife.

Kwa galu kachitidwe kake n'kotere, ndipo apa mumvetsetse chifukwa ambiri amalakwitsa pothamanga. Mkota uja mum'chotse kaye pachisa, apite naye kutali mwana amene amamuzolowera. Tiana tamasiye mutipukute ndi chiguduli kapena udzu womwe iye amagonapo, kenaka mutisakanize ndi ana ake enieni, tikhale mulu umodzi kwa kanthawi ndithu kuti fungo lilowerere. Akamabwerera mawere amakhala atadzaza, iye mwini akufuna kupepukidwa. Mwini wake ndiye akhale pambali, dzanja lili pakhosi, akumulankhula. Akanunkhiza n'kuyamba kunyambita kamlendo kaja kumimba ndi kumbuyo, dziwani kuti wakalandira. Akaumitsa thupi n'kuonetsa mano, chotsani msanga, mudzayesenso dzuwa likapendeka. Usiku woyamba musawasiye okha, galu amatha kupha kamwana ndi kuluma kamodzi.

Kunyambita kuja si chikondi chokha ayi. Kagalu kosakwana masabata atatu sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha, kamadalira lilime la make. Sikathanso kudzifunditsa. N'chifukwa chake tiana tamasiye tambiri timafa ndi chisanu cha Juni njala isanatiphe. Mukatipeza tazizira, yambani mwatifunditsa, ngakhale m'malaya mwanu momwe, kuyamwa pambuyo. Kozizira sikagaya mkaka.

Misinkhu ifanane. Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, ndiye musaike kosapenya pakati pa ana oyenda kale, adzakapondereza n'kukalanda bere. Muwerengenso mawere: agalu ambiri ali nawo 10, ena 8, ndipo akumbuyo ndiwo amatulutsa kwambiri. Mkota wa ana atatu angalandire ena atatu kapena anayi. Wa ana asanu ndi atatu musamuvutitse. Komanso ngati tiana tija tinayamwako kwa mayi wawo tsiku loyamba, mwayi ndi waukulu, chifukwa mkaka woyamba wachikasu uja ndiwo umapereka chitetezo ku matenda, ndipo thupi la kamwana limaulandira tsiku loyamba lokhalo.

Wina afunsa, bwanji osangowamwetsa mkaka wa ng'ombe? Mkaka wa galu uli ndi mafuta ndi zomanga thupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi wa ng'ombe, pomwe wa ng'ombe uli ndi shuga wake wochuluka amene amatsegula tiana m'mimba. Wa mbuzi ungagwirizize tsiku limodzi kapena awiri mukufunafuna mkota, koma kulerera pa iwo wokha ndi kutchova njuga. Ndiye kuyamwitsa pabotolo maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, mlimi amene akusankha fodya angathe zimenezo?

Chodabwitsa china n'choti galu wamkazi amatha kutuluka mkaka asanatenge bere n'komwe. Pakatha miyezi iwiri chitenthereni, nthawi yomwe akanaswa (bere la galu ndi masiku ngati 63), ena amatupa mawere, kukumba chisa, kunyamula nsapato n'kumagona nayo ngati mwana. Anthu amati walodzedwa. Sanalodzedwe. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ndi chotsalira cha makolo ake akutchire, kumene gulu lonse limathandizana kulera ana a mkazi mmodzi. Mimbulu yathu, ija anaibweretsanso 14 ku Liwonde ndi Majete mu 2021, imatero: amaswa kawirikawiri ndi wamkulu wa gulu, enawo amasaka n'kudzalavulira ana nyama. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nyama zinadziwa kale. Galu wa bere labodza wotere, ngati ali wofatsa, amalera bwino zedi.

Azungu nawo analemba zawo. Ku Rome amati amene anayambitsa mzindawo mu 753 BC, Romulus ndi Remus, anayamwa kwa mmbulu. Imeneyo ndi nthano, tiisiye. Yoona ndi ya Charles Darwin, yemwe mu 1833 anafika m'dziko lomwe lero ndi Uruguay pa sitima yotchedwa Beagle (dzina la mtundu wa galu, onani zinthu). Anapeza nkhosa zambirimbiri zikudya kutali ndi nyumba, popanda mbusa, galu yekha. Atafunsa anamuuza kuti kagalu amakachotsa kwa make kadakali kakang'ono, amakagwirira nkhosa yaikazi katatu kapena kanayi patsiku kuti kayamwe, kamagona pa ubweya m'khola, sikaloledwa kusewera ndi agalu ena kapena ana. Kakakula kamadziyesa nkhosa. Chilombo chikabwera, iko kamatsogola kakuuwa, nkhosa zonse n'kuunjikana kumbuyo kwake. Inu oweta mbuzi kufupi ndi paki, mfundo iyi muisunge. Ndipo mpaka lero ku America, kuyambira mu 2016, oteteza mimbulu ya mtundu wa Mexico amatenga tiana tobadwira kumalo osungira nyama, tosakwana masabata awiri, n'kukatiika m'mphanga za mimbulu yakutchire. Amatipaka dothi la m'phangamo ndi mkodzo wa tiana tapomwepo. Anthu a madigiri, akuyenda pa ndege, koma nzeru yake ndi ya chiguduli cha agogo chija.

Kuno kwathu ntchito ya galu inasintha pamene fodya analowa. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu, maesiteti anadzaza chigwa chonsechi, a Press Farming, a General Farming ndi ena, matenanti n'kumabwera kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo. Lamulo silinkalola mlimi wamng'ono kulima bale kufikira mu 1990. Chilolezo chitabwera, khomo lililonse linamanga chigafa, ndipo chigafa chodzaza chimafuna mlonda wosalipidwa. Galu anasiya gwape n'kuyamba kulondera mabelo. Amene munawerenga buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe, The Boy Who Harnessed the Wind, mukukumbukira galu wake Khamba, yemwe anachokera ku esiteti ya fodya n'kudzafa pa njala ya 2002. Chaka chimenecho agalu ambiri m'midzi muno anatha. Munthu akudya gaga, galu adya chiyani? Amene alipo lerowa ndi zidzukulu za ochepa amene anapirira, ndipo ine ndimati mtundu wotere suyenera kutayidwa kudambo.

Zimandiseketsa abale a m'tauni akagula German Shepherd kapena Boerboel ndi ndalama zokwana matumba angapo a feteleza, make n'kukana ana kapena kuuma mkaka, kenaka foni kumudzi: "Achimwene, kulibe galu woyamwitsa kumeneko?" Alipo, yemwe uja munkamuthamangitsa pakhonde pa Khirisimasi. Bweretsani, koma mubwere ndi chakudya chake. Galu woyamwitsa amadya kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo mkute wokha sungamukwane. Amafuna phala la mgaiwa losakaniza ndi soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja chifukwa cha timinga take, ndi madzi osatha. Mukamuona akunjenjemera, akupuma mwawefuwefu, miyendo itauma, thupi lake latha mchere wa m'mafupa. Chotsani ana, thamangirani kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, chifukwa matenda amenewo sachedwa kupha. Chisa muchichotsenso m'chigafa mukayamba kupachika, tiana tikayamba kuyenda timatafuna chilichonse, ndipo tsamba la fodya ndi poizoni kwa ito. Pa masabata atatu kapena anayi yambani kutipatsa phala lamadzimadzi, mkota apume.

Pali malo amodzi pomwe ndimati ayi, ngakhale tiana tilire bwanji. Ngati make anafa mosadziwika bwino, atasintha khalidwe, akutuluka dovu, akuluma mitengo, kapena atalumidwa ndi nkhandwe, musatigwire ndi manja, musatipereke kwa galu wa mnzanu. Chiwewe chimayenda m'malovu, ndipo mayi amanyambita ana tsiku lonse. Chikaonekera pa munthu palibe mankhwala, ndipo amene amafa kwambiri ndi ana athu, chifukwa ndiwo amanyamula tiagalu. Ku Blantyre a Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu 2015 chifukwa cha imfa za ana zomwezi. Itanani a zaziweto aone okha. Mkota wolandira ana akhalenso wobayidwa, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa pa ntchitoyi, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene galu wake waswa mwezi uno ndipo ali ndi bere lopanda mwini, alembe m'munsimu mudzi wake ndi tsiku lomwe anaswa, ovutika adziwe kolowera ndi dengu.