Mapiko Anadulidwa, Gulu Linatsala

Kwa ife okhala ku Etwatwa ndi ku Daveyton, ndege si chinthu chachilendo. Bwalo la OR Tambo lili ku Kempton Park, mu Ekurhuleni momwe muno, moti ukamayanika zovala panja suchedwa kuiona ikudutsa. Komabe ambiri a ife tinafika kuno ku Joni pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo amayi ovala yunifolomu amene amasamalira apaulendo m'ndege timawaona ngati a dziko lina. Koma tikaunika mbiri yawo, tipeza kuti tikufanana nawo. Iwonso anali amayi ogwira ntchito kutali ndi kwawo, ntchito yoti ikhoza kutha tsiku lililonse, ndipo itatha anatsamira pa magulu amene anayambitsa okha. Ena mwa magulu amenewo alipo mpaka lero, pamene makampani amene anawalemba ntchito anagwa kalekale.

Ntchitoyi inayambira ku America. Pa 15 Meyi 1930, namwino wina dzina lake Ellen Church anakwera ndege ya kampani ya Boeing Air Transport, imene pambuyo pake inadzakhala United Airlines, pa ulendo wochokera ku Oakland kupita ku Chicago. Ndi iye amene anakopa mabwana a kampaniyo kuti m'ndege mukakhala namwino, anthu asiya kuopa kuuluka. Analembedwa anamwino asanu ndi atatu, ndipo malamulo ake anali okhwima: mtsikana asapitirire zaka 25, asalemere kuposa makilogalamu 52, komanso akhale wosakwatiwa. Makampani ena atatengera chitsanzochi anatengeranso malamulowo. Kwa zaka zoposa 30, mtsikana akangomanga banja ntchito inkathera pomwepo, ndipo m'makampani ambiri wofika zaka 32 kapena 35 ankamuuza kuti wakula, apume. Ruth Carol Taylor, mayi woyamba wachikuda kugwira ntchitoyi ku America, anayamba kuuluka ndi Mohawk Airlines mu 1958, koma patangotha miyezi isanu ndi umodzi anasiya chifukwa cha lamulo lomwelo la ukwati.

Zotsatira zake zinali zakuti chaka ndi chaka panali atsikana ambirimbiri amene dzulo anali kumwamba ndi anzawo, lero ali m'nyumba mu mzinda wa mwamuna, opanda malipiro, opanda owadziwa. Mu 1941 ena amene anagwirapo ku United anakumana ku Chicago n'kuyambitsa gulu lotchedwa Clipped Wings, kutanthauza mapiko odulidwa, monga timachitira ndi nkhunda kuti isauluke. Anzawo a ku American Airlines anayambitsa lawo mu 1952 n'kulitcha Kiwi Club, potengera mbalame ya ku New Zealand imene ili ndi timapiko koma siuluka. A ku Eastern Air Lines anayambitsa Silverliners mu 1954, ndipo a ku Pan Am, kampani imene ndege zake zinkatera ndi ku Johannesburg komwe, anayambitsa World Wings International mu 1959. Maina awiri oyambawo akusonyeza kuti amayiwa ankaseka tsoka lawo m'malo molilira.

Kayendetsedwe ka magulu amenewa tingakazindikire msanga. Anali ndi nthambi m'mizinda yosiyanasiyana, nthambi iliyonse ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma osankhidwa ndi mamembala. Membala ankapereka ndalama ya pachaka. Ankalemberana kalata ya nkhani za gulu, ankakumana kudya nkhomaliro pamodzi, ndipo nthawi ndi nthawi nthambi zonse zinkasonkhana pa msonkhano waukulu. Mayi akasamukira mu mzinda wachilendo sankayamba kufunafuna abwenzi. Ankangofunsa kumene nthambi ya gulu lake imakumanira.

Koma kudya pamodzi ndi kukumbutsana zakale sikukanawasunga zaka zonsezi, chifukwa nthano za masiku apitawo zimatha kukoma zikabwerezedwa kambiri. Chimene chinawalimbitsa ndi chakuti gulu lililonse linadzisankhira ntchito yothandiza anthu a kunja kwa gululo. A Clipped Wings anadzipereka pa anthu olumala m'maganizo, ndipo akhala akuthandiza masewera a Special Olympics ndi ndalama komanso ndi manja awo. A Silverliners anatchuka ndi mwambo wa pa Khirisimasi wotenga ana odwala matenda aakulu, kuwakweza m'ndege, n'kukawatsitsira pamalo okongoletsedwa ngati kwawo kwa Father Christmas, kumene amalandira mphatso. A World Wings, amene ntchito inawaonetsa umphawi wa maiko ambiri, anasankha bungwe la CARE kuti ndilo azilithandiza onse pamodzi, kenaka nthambi iliyonse n'kukhalanso ndi ntchito yakeyake yachifundo m'dera lake. Luso limene anaphunzira m'ndege, lolandira alendo, losunga nthawi ndi losatekeseka pa ngozi, analigwiritsa ntchito pokonza maphwando osonkhetsa ndalama ndi poyendera odwala.

Kenaka zinthu zinasintha. Mu 1964 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa tsankho pa ntchito, kuphatikizapo kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi. Ogwira ntchito m'ndege anali m'gulu la amayi oyamba kukadandaula, ndipo mu 1968 bungwe la boma loona za lamuloli linagamula kuti kuchotsa mayi chifukwa cha ukwati kapena msinkhu n'kulakwa. Chifukwa chenicheni chimene chinabala magulu aja chinatha. Akanatha kutsekera pomwepo, koma a Clipped Wings ndi a Kiwi Club anatsekula zitseko kuti ngakhale amene akadali pa ntchito azilowa.

Mayeso aakulu anafika mu 1991. Mu Januwale kampani ya Eastern inasiya kuuluka, ndipo pa 4 Disembala Pan Am nayo inatseka. Anthu zikwizikwi anatsala manja lende. Makampani amene ankaoneka ngati mapiri anasowa m'chaka chimodzi, koma Silverliners ndi World Wings anapitiriza kukumana, ndipo kwa ambiri magulu amenewa ndi okhawo amene anatsala pa moyo wawo wonse wa pa ntchito.

Chaka chomwecho cha 1991, ku Niger, bungwe la CARE lomwe lija, kudzera mwa mayi wa ku Norway dzina lake Moira Eknes, linayamba kugwira ntchito ndi amayi a m'midzi pa njira yosunga ndi kubwereketsana ndalama zawo zomwe. Magulu amenewo anatchedwa Mata Masu Dubara m'Chihausa. Sanayambire pachabe, chifukwa amayi a mu Africa ankasonkherana kale; kwathu timati chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, kuno stokvel. Chatsopano chinali dongosolo: kugula masheya, bokosi la maloko atatu makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, thumba lapadera la zadzidzidzi, ndi kugawana zonse pakutha pa chaka. Njira imeneyi inafalikira m'maiko ambiri, ndipo ku Malawi ndi imene timaitcha banki m'khonde. Choncho amayi a mapiko odulidwa aja ndi amayi a m'khonde anakumanira pa bungwe limodzi, ena akupereka, ena akuphunzira kudzisungira, osadziwana ngakhale dzina.

Kugwa kwa makampani a ndege si nkhani ya ku America kokha. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994. Air Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inathetsedwa mu 2013. Kuno ku Kempton Park, South African Airways inalowa m'manja mwa akatswiri opulumutsa makampani mu Disembala 2019 ndipo antchito ambiri anachotsedwa, pamene Comair, mwini wake wa ndege za kulula, inatha mu 2022. Ngati ntchito ya yunifolomu ndi kontirakiti imatha chonchi, nanga ya m'nyumba ya abwana, ya mu saluni, kapena yogulitsa pa msewu? Amayi ambiri amene amawerenga kabuku kano anaona okha mu 2020 mmene malipiro amaimira mwadzidzidzi, lendi ikudikira ndipo kumudzi akuyembekezera thandizo.

Pali mbali imodzi ya mbiriyi imene ili yowawa. Popeza Pan Am kulibe, kulibenso mtsikana watsopano amene angavale yunifolomu yake n'kudzalowa mu World Wings. Wamng'ono kwambiri mwa amene analembedwa ntchito kampaniyo isanatseke ali ndi zaka zoposa 50 tsopano. Gululi likugwirabe ntchito yake, koma chitsime chimene linkatungako mamembala chinauma. A Clipped Wings alibe vuto lofanana ndi limeneli chifukwa United ikadauluka ndipo iwo anatsekula khomo nthawi ikadalipo.

Funso lomwelo lili pakhomo pathu. Magulu ambiri a amayi a kuno anayambitsidwa ndi anthu amene anabwera nthawi imodzi, ochokera boma limodzi, opemphera tchalitchi kapena mzikiti umodzi. Ena mwa iwo akumanga kale nyumba ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Chipata, ndipo tsiku lina adzakwera basi osabwereranso. Ana athu obadwira kuno amalankhula Chizulu kuposa Chichewa. Gulu limene buku lake limadziwika ndi munthu mmodzi, ndipo thumba lake la chithandizo limatsekulidwa pa maliro a membala okha, lidzapita kumudzi limodzi ndi eni ake. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo amayi a m'ndege aja anaika mwa ana odwala ndi mwa anthu amene sanawaonepo, n'chifukwa chake anali ndi chowakumanitsa ndege zitaima. Pa msonkhano wotsatira wa nthambi yanu, musanatseke bokosi, funsanani kuti ndi mtsikana uti amene ayambe kukhala pambali pa msungichuma kuphunzira buku, ndipo ndi ndani wa kunja kwa gulu, kaya ku Etwatwa kuno kaya kumudzi, amene thumba lanu limufikire chaka chino.