Buku la Zidakwa ndi Mau Ake a Makedzana

Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zokhala ndi Buku Lopatulika la 1922, ndipo tidziwa kuti ngakhale Buku Loyera linatuluka mu 1998, alipo akuluakulu amene mpaka lero safuna kumva Mau a Mulungu m'Cinyanja cina koma cakale comweco. Mkangano wotere wakhala ukucitikanso ku America, pa buku limene si Baibulo ai, koma limene anthu miyandamiyanda amati linawalanditsa ku mowa.

Nkhani yake inayamba mu 1935 mumzinda wa Akron, ku Ohio. Kumeneko anakumana amuna awiri, Bill Wilson wa ku New York ndi dokotala Bob Smith, onse zidakwa zotheratu. Iwo anaona kuti cidakwa cikauza cidakwa cinzake zoona zokhazokha za moyo wake, onse awiri amapeza mphamvu yogona tsiku limenelo osamwa. Ici ndico ciyambi ca gulu la Alcoholics Anonymous, kapena AA mwacidule. Mu Epulo 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 osiyira mowa. Anasankha mapepala okhuthala kuti wogula aone kuti $3.50 yake siinapite pacabe, ndipo cifukwa ca kunenepako analipatsa dzina loti Big Book.

Bill, amene analemba mbali yaikulu, anabadwa mu 1895, ndipo analemba monga mwamuna wa nthawi yake. Iye ndi Bob anali atapyola m'gulu la Cikristu la Oxford Group, lotsogozedwa ndi m'busa wa Lutheran, Frank Buchman. Cotero mapemphero a m'bukumo ali m'Cingelezi conga ca m'Baibulo la King James la 1611, lija lomuchula Mulungu kuti "Thee" ndi "Thou". Pena mowa akuucha John Barleycorn, dzina locokera m'nyimbo zakale za ku Britain, limene mnyamata wa lero angaliyese la munthu weniweni.

Koma cobaya koposa si mau ovutawo. M'masamba ambiri cidakwa ndi mwamuna, wokhala ndi nchito, bwana, ndi mkazi womudikira kunyumba. Tsamba loyamba linanena za amuna oposa 100 amene anacira, ndipo pa maumboni onse a m'kope loyambalo, umodzi wokha unali wa mkazi wolimbana ndi mowa iye mwini. Mulinso mutu wolembera akazi a zidakwa, wolankhula ngati kuti alembi ake ndi akazi anzao. Coonadi n'cakuti anaulemba Bill yemweyo, ndipo mkazi wake Lois, amene anasenza ucidakwa wake zaka zambiri, zinamuwawa kuti sanapatsidwe mpata woulemba.

Bukuli linakonzedwanso mu 1955, 1976 ndi 2001. Nthawi zonsezi anasintha maumboni a kumapeto, koma masamba 164 oyamba anatsala pafupifupi momwe analiri. Mu 1995 msonkhano waukulu wa AA ya ku United States ndi Canada unagamula kuti masamba amenewa asakhudzidwe.

Tisafulumire kuwaseka otetezawo. Munthu amene anatoledwa m'ngalande, banja litatha, nchito itatha, nadzuka mwa kuwerenga masamba amenewa, sangaone cifukwa cowasinthira. Kwa iye mau akalewo ali ngati nyimbo ya m'buku imene anaimba pa maliro a amai ake. Aopanso kuti mukayamba kufewetsa mau, mawa mudzafewetsa ciphunzitso, ndipo cidakwa ndi katswiri pofuna njira yacidule.

Komabe mbiri ya bukuli siili kumbali yao kwenikweni. Lisanasindikizidwe, makope pafupifupi 400 anatumizidwa kwa madokotala, azibusa ndi anthu ena kuti anenepo maganizo ao, ndipo alembi anamvera. Malo ambiri amene ankalamula wowerenga zoti acite anawatembenuza kuti angosimba zimene iwo eni anacita. Pa sitepe yacisanu ndi ciwiri anacotsa mau onena za kugwada. Atakangana kwambiri ndi anzao ena osapemphera, anaonjezera kuti munthu afike kwa Mulungu monga momwe amumvetsera iye mwini. Mkristu angadandaule nazo zimenezi, ndipo ena anadandauladi, koma colinga cinali cakuti woledzera asathawire pakhomo.

Ngakhale litatuluka anasinthabe. Bill anasiya mowa mu Disembala 1934 ali gone m'cipatala ca Towns ku New York, pamene anati anaona kuwala kwakukulu m'cipinda. Owerenga oyamba anayesa kuti nawonso ayenera kuona zotere, ndipo amene sanazione anataya mtima. Cotero mu 1941 mau a sitepe ya 12 anasinthidwa, ndipo kumapeto anaikako tsamba lofotokoza kuti kwa anthu ambiri kusandulika mtima kumadza pang'onopang'ono. Tionjeze apa kuti bukuli lamasuliridwa m'zinenero zoposa 70, ndipo palibe amene anati cidakwa ca ku Mexico ciyambe caphunzira Cingelezi ca 1939.

Nanga bwanji mkaidi amene analekera sukulu pa giredi 6, kapena mtsikana wa zaka 19 amene akufuna dzina lake m'bukumo napeza amuna okhaokha? Amalitsegula manja akunjenjemera, mutu ukuwawa. Akalitseka pa tsamba lacitatu, sitidziwa ngati adzalitsegulanso. Kwa ine ici cilemera koposa kukoma kwa mau akale.

Mu 2021 msonkhano waukulu uja unalola kuti bukuli lilembedwenso m'Cingelezi capafupi. Caka comweco mau otsegulira misonkhano analeka kunena za amuna ndi akazi, nangoti anthu. Buku latsopanolo, Plain Language Big Book, linatuluka mu Novembala 2024, ndipo mutu uja wa akazi tsopano ukulankhula kwa aliyense wokhala ndi cidakwa m'banja, kaya mwamuna kaya mkazi. Lakale sanalicotse, latsopano analicha cida cothandizira kuwerenga lakalelo. Ndipo popeza mwambo wa AA ulola kagulu kalikonse kudzilamulira kokha, funso lakuti pamsonkhano awerenge liti latsala m'manja mwa zidakwa zimene zasonkhana madzulo amenewo.