Ndende ya Amangawa ku London

Kale ku Mangalande munthu wolephera kubweza ngongole ankatsekeredwa m'ndende ngakhale sanabe kanthu. Mwini ndalama ndiye ankadandaula ku bwalo kuti amgwire, ndipo wamangawayo ankabindikira m'menemo kufikira atalipira. Ku London kunali ndende zotere zingapo, monga Fleet, King's Bench ndi Marshalsea. Cobvuta cinali cakuti wandende ankadzilipirira yekha cakudya ndi cipinda, motero ambiri ngongole zao zinkangokulirakulira.

Tiyeni tione za John Dickens, kalaliki wa mu ofesi yolipira asilikali a pamadzi. Malipiro ace sanali ocepa, koma madyedwe ndi mabvalidwe ace anaposa thumba lace: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu February 1824 anamtsekera ku Marshalsea cifukwa ca mapaundi 40 ndi masiling'i 10 a munthu wophika buledi. Katundu wa m'nyumba anapita ku cikole, ndipo mkazi wace ndi ana ang'onoang'ono anasamukira m'ndende momwemo. Mwana wace Charles, wa zaka 12, anatsala kunja, osapita ku sukulu, namamata mapepala pa mabotolo a polishi ya nsapato, kulandira masiling'i 6 pa mlungu.

Patapita miyezi itatu John anaturuka, ataulula poyera cuma cace conse ndi mangawa ace onse monga mwa lamulo la anthu osowa cobwezera. Koma cironda ca mwanayo sicinapole msanga. Charles Dickens atakula ndi kuchuka pa nchito yolemba mabuku, analongosola za ndendeyo m'buku lace la Little Dorrit, loturuka m'zaka za 1855 mpaka 1857.

Marshalsea inatsekedwa mu 1842, ndipo mu 1869 Nyumba ya Malamulo inathetsa mwambo womanga amangawa, kupatula munthu amene ali nazo ndalama koma akana dala kumvera ciweruzo ca bwalo. Potero lamulo linasiyanitsa wosowa ndi wonyenga.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, mudzayamba kulandira malipiro, ndipo okongoza adzakusekererani. Mukagwa m'ngongole musabisale. Pitani kwa mwini ndalama, muulule zimene muli nazo, nimupangane za kubweza pang'onopang'ono. Ndiponso mwana akaleka kubwera ku sukulu, yambani mwafunsa za kwao musanamdzudzule, pakuti mwina asenza mtolo wa atate wace.