Chifanizo cha 3D pokonzekera kujambula madamu, milatho ndi misewu

Chifanizo cha 3D ndi chithunzi cha pakompyuta choonetsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa chinthu, kotero kuti munthu akhoza kuchitembenuza nkuchiona mbali zonse. Mainjiniya ounika madamu, milatho, nsanja za magetsi ndi misewu amachigwiritsa ntchito posankhiratu malo oimikapo kamera, droni isananyamuke kukajambula ming'alu, dzimbiri kapena dothi lokokoloka.

Ntchitoyi imafuna maulendo awiri. Paulendo woyamba droni imauluka patali ndipo imajambula zithunzi mazanamazana zolowana, chilichonse chikubwereza pafupifupi magawo 70 kapena 80 pa 100 a chinzake. Mapulogalamu monga Pix4D, Agisoft Metashape kapena OpenDroneMap, yomwe ndi yaulere, amafufuza timadontho tofanana m'zithunzizo ndi kuumba chifanizo. Pansi amayalapo zizindikiro zoyezedwa ndi GPS kuti miyezo isaname.

Chifanizo choyambachi sichionetsa ming'alu. Phindu lake lili pokonza ulendo wachiwiri. Injiniya amakhala pakompyuta nkulemba kuti kamera idzaime mamita angati kuchoka pakhoma, idzapendeke motani, ndiponso nthawi iti dzuwa silidzaponya mthunzi pamalo okayikitsa. Mtunda ndiwo umalamula zonse: ukawirikiza kawiri, kadontho kalikonse ka chithunzi kamaphimba utali wowirikiza kawiri, ndipo mng'alu wa milimita imodzi umazimirira. Kuyandikira kwambiri nako kumachulukitsa zithunzi, pamene batire ya droni wamba imatha pakangodutsa mphindi 20 kapena 30. Chifanizo chimaonetsanso nthambi ndi kunsi kwa mlatho kumene GPS imasokonekera. Koposa zonse, njirayo imasungidwa: chaka chotsatira droni imajambula pamalo omwewo, ndipo injiniya amaona ngati mng'alu wakula kapena ayi.

Mzuzu ndi mzinda umene luso lotere likuuyenera. Uli pazitunda, mvula yake imachedwa kuleka, ndipo mu Epulo 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba ndi kugumula nthaka m'madera ena a mzindawu. Damu la Lunyangwa, limene bungwe la Northern Region Water Board limatungamo madzi a anthu a mumzindawu, lili pakati pa mitengo yomwe ingakole droni youluka mosakonzekera. Msewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay ndi wa M1 pamapiri a Chiweta uli ndi makoma a dothi ndi miyala amene munthu sangawakwere popanda kuika moyo pachiswe.

Komabe nyengo ya kuno simvera pulani ya pakompyuta. Nkhungu ya m'mawa, yomwe aliyense wokhala ku Mzuzu amaidziwa, imafafaniza zithunzi, ndipo udzu wa m'dzinja umabisa nthaka yomwe ikutsetsereka. Bwalo la ndege nalo lili m'kati mwenimweni mwa mzinda, choncho woulutsa droni ayenera kuyamba wapeza chilolezo kwa oyang'anira maulendo a ndege.

Dziko lino silachilendo pankhani ya madroni. Mu Juni 2017 boma ndi bungwe la Unicef adatsegula dera loyeseramo madroni ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchoka pabwalo la ndege la kumeneko. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba maphunziro ku Lilongwe mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, ndipo imaphunzitsa achinyamata kuulutsa madroni ndi kutanthauzira zithunzi zake.

Kamera imaona pamwamba pokha. Siona pansi pa madzi, ndipo madzi onyezimira amasokoneza pulogalamu youmba chifanizo. Siimvanso kulira kwa konkire yomwe yafumbwa m'kati. Pamenepo injiniya amapitabe yekha ndi kahamala kake kukagogoda pamalo amene zithunzi zamulozera.