Nyuzi Zazikulu ndi Nyuzi Zazing'ono

Munthu amene wangotsiriza sukulu ya kwacha salakalaka kanthu kena koposa kugwira nyuzipepala m'manja ndi kudziwerengera yekha. Kale amamvera za m'maluwa. Tsopano maso ake atseguka. Koma nyuzi zili za mitundu iwiri, ndipo wowerenga watsopano ayenera kudziwa mbiri ya mitundu imeneyi kuti asamangomeza chilichonse chimene chasindikizidwa. Mtundu woyamba Angerezi autcha broadsheet, ndiye kuti nyuzi ya tsamba lalikulu. Wachiwiri autcha tabloid, nyuzi ya tsamba laling'ono.

Chiyambi cha nyuzi yaikulu

Tsamba la nyuzi yaikulu litalika pafupifupi masentimita 60, kotero kuti munthu poiwerenga atambasula manja onse awiri. Chizolowezi chimenechi chidakula ku England. M'chaka cha 1712 boma la kumeneko lidaika msonkho pa nyuzi, ndipo msonkhowo unkawerengedwa pa pepala lililonse. Osindikiza adaona kuti njira yochepetsera msonkho ndiyo kukulitsa pepala ndi kupanikizamo mawu ambiri a zilembo zing'onozing'ono. Msonkho udatha m'chaka cha 1855, koma tsamba lalikulu lidatsala, pakuti anthu adali atalizolowera.

Nyuzi yotchuka ya mtundu umenewu ndi The Times ya ku London, imene John Walter adaiyamba m'chaka cha 1785 ndi dzina lina, naitcha The Times m'chaka cha 1788. M'chaka cha 1814 nyuziyi idayamba kusindikizidwa ndi makina oyendera nthunzi, amene ankatulutsa mapepala oposa 1,000 pa ola limodzi. Inkalemba za nyumba ya malamulo, za milandu ya m'makhoti, za malonda ndi za nkhondo za maiko akutali. Nkhani zake zidali zazitali, mawu ake olemera, ndipo oiwerenga adali anthu achuma ndi ophunzira kwambiri.

Chiyambi cha nyuzi yaing'ono

Liwu lakuti tabloid silidabadwire m'nyumba yosindikizira. M'chaka cha 1884 kampani ya mankhwala ya Burroughs Wellcome idatcha dzina limeneli timibulu ta mankhwala topanikizidwa, tosavuta kumeza. Pambuyo pake anthu adayamba kutchula dzina lomweli nkhani zofupikitsidwa, zimene munthu angazimeze msanga ngati kam'bulu.

Chimene chidabala nyuzi zotere ndi sukulu. M'chaka cha 1870 ku England adakhazikitsa lamulo lofalitsa maphunziro a ana, ndipo patapita zaka makumi awiri kudali khamu la antchito odziwa kuwerenga, koma osowa nthawi ndi ndalama. Munthu wina wochenjera, dzina lake Alfred Harmsworth, adaona msika pamenepo. M'chaka cha 1896 adayamba Daily Mail, naigulitsa theka la kobiri pamene The Times inkagulidwa makobiri atatu. M'chaka cha 1903 adayambanso Daily Mirror, imene posachedwa idadzaza ndi zithunzi. Ku America, nyuzi ya tsamba laling'ono ya Daily News idayamba mu mzinda wa New York m'chaka cha 1919.

Tsamba la nyuzi yaing'ono ndi theka la tsamba la yaikulu. Munthu angathe kuiwerenga ali wopanikizika m'basi. Mitu yake ilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ziganizo zake ndi zazifupi, ndipo ikonda nkhani za mpira, za umbanda, za maukwati osweka ndi za anthu otchuka. Ubwino wake ndi wakuti ilankhula chilankhulo cha anthu wamba ndipo isaopa kudzudzula akuluakulu. Choipa chake ndi chakuti kawirikawiri ikuza kanthu kakang'ono kuti igulidwe. Nyuzi ya News of the World ya ku London idatsekedwa m'chaka cha 2011 zitadziwika kuti antchito ake ankamvetsera mobisa mauthenga a pa lamya za anthu.

Nyuzi m'dziko la Malawi

Kuno nyuzi zidafika ndi amishoni ndiponso azungu a minda. M'chaka cha 1895 R. S. Hynde adayamba Central African Planter kufupi ndi Zomba. Iyi idasanduka Central African Times, kenaka Nyasaland Times, ndipo ndiyo kholo la Daily Times. Idalembedwa m'Chingerezi, ndipo inkasamala za khofi, thonje, fodya ndi madandaulo a eni minda. Mwini dziko ankatchulidwamo makamaka monga wantchito kapena wokhoma msonkho. Pamenepa pali phunziro: nyuzi ingathe kukhala yaulemu m'maonekedwe ndi m'mawu, komabe n'kumaona ndi diso limodzi.

Anthu a m'mapiri a Dedza adayamba kuwerenga m'chilankhulo chawo kudzera m'mipingo. Amishoni a Dutch Reformed, amene adamanga Mvera, Nkhoma ndi Mphunzi, adayamba kufalitsa Mthenga m'chaka cha 1909. Ansembe a Katolika a White Fathers, amene adafika ku Mua m'chaka cha 1902, adali ndi makina osindikizira ku Bembeke, pamwamba pa mapiri omwewa, ntchitoyo isadasamukire ku Likuni. Ku Likuniko ndiko kunkasindikizidwa nyuzi ya The African, imene pambuyo pake idatchedwa Odini. Boma la atsamunda nalonso lidali ndi nyuzi yake ya m'zilankhulo za kuno, dzina lake Msimbi.

M'chaka cha 1959, nthawi ya chipwirikiti cha chitaganya, mnyamata Aleke Banda adayamba Malawi News kuti ikhale pakamwa pa chipani cha Malawi Congress. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, nyuzi zidatsala zowerengeka, ndipo zonse zinkayenda m'mapazi a boma. Lamulo lopima zolembedwa la m'chaka cha 1968 lidapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku ndi zofalitsa zina, ndipo atolankhani ena adatsekeredwa m'ndende popanda mlandu. Kumidzi kunkafika Boma Lathu, nyuzi ya Chichewa yofotokoza ntchito za boma.

Zinthu zidatembenuka pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, timanyuzi tambirimbiri tidamera ngati bowa wa mvula yoyamba. Tina tidaulula zoona zimene zidabisika zaka makumi atatu. Tina tidadzaza ndi mijedo ndi kutukwana. Tambiri tidafa patangopita zaka zochepa. The Nation, imene Aleke Banda yemwe uja adaiyamba m'chaka cha 1993, ndiyo idakhazikika. Pambuyo pake padabwera Weekend Times, imene inkakonda kuulula za m'seri za anthu otchuka, ndipo m'chaka cha 2010 idaletsedwa kwa kanthawi pa chifukwa chakuti sidalembetsedwe.

Msinkhu si khalidwe

Wina angaganize kuti tsamba lalikulu ndilo chizindikiro cha choonadi. Mbiri ikana zimenezo. The Times ya ku London idachepetsa tsamba lake m'chaka cha 2004, ndipo The Guardian idatsika kufika pa msinkhu wa tabloid m'chaka cha 2018, koma sizidasiye kulemba nkhani zolemera. Chidasintha ndi pepala lokha, chifukwa laling'ono ligwirika bwino ndipo lichepetsa ndalama zosindikizira. Tsono mawu awiri aja atanthauza khalidwe koposa msinkhu. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chake wowerenga, kaya ali ku Lobi, ku Mayani kapena ku Linthipe, ayese nyuzi ndi mafunso anayi. Loyamba: mwini wake ndani, ndipo apindulanji anthu akakhulupirira nkhaniyi? Lachiwiri: kodi nkhani yatchula amene wanena mawuwo, tsiku lake ndi malo ake, kapena yangoti "anthu ena akuti"? Lachitatu: kodi wonenezedwayo apatsidwa mpata woyankha? Pabwalo la mfumu sagamula mlandu atamva mbali imodzi. Lachinayi: kodi zimene zili m'kati zigwirizana ndi mutu waukulu uja?

Mafunso amenewa ndi ofunika chifukwa nkhani ya m'nyuzi siithera pa pepala. Mlimi wa mbatata ya kachewere amene wawerenga mtengo wabodza angagulitse mbewu yake motaya. Mayi amene wawerenga mphekesera za katemera angabise mwana wake. Ndiponso m'mudzi munthu mmodzi awerengera anthu khumi, ndipo iwo akhulupirira pakamwa pake. Mafunso omwewa agwiranso ntchito pa nkhani zofika pa lamya za m'manja, zimene zilibe mkonzi ngakhale tsamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wowerenga wodekha atenga nyuzi yaikulu ndi yaing'ono yomwe, napeta nkhani zake monga mayi apeta mphale, kusunga chakudya ndi kutaya gaga.